Madzi Osapondedwa a Apongozi Anga

Tinanyamuka ku Greyville, mumzinda wa Durban, Lolemba kusanache bwino, tsiku limene malo odyera omwe ndimagwirako ntchito ku Morningside satsegula. Tinali atatu. Patsogolo panali apongozi anga aNachisale, atakumbatira chigubu chopanda kanthu. Pakati panali mkazi wanga Esinati, akuyenda mwapang'onopang'ono chifukwa anali woyembekezera, masiku atayandikira ndithu. Pambuyo, patali monga mwambo ufunira, panali ine mkamwini, nditanyamula chikwama cha zovala zosinthira.

Ndiyambe ndafotokoza za chigubucho. Apongozi anabwera pa basi kuchokera ku Ntcheu ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yopepuka: amayi anzawo a kumpingo anawatuma madzi a m'nyanja ya mchere, amene amati ndi abwino kuwaza m'nyumba ndi kusambitsira odwala. Yachiwiri ndi imene inkandisowetsa mtendere. Abale kumudzi anali atamva za alendo amene nthawi zina amathamangitsidwa kuno, ndipo anagwirizana kuti Esinati abwerere, akachirire kwawo. Ine ndinkadziwa kuti akangowoloka malire sabweranso msanga, ndipo mwana wanga woyamba ndidzamudziwira pa foni.

Ndinkafuna kuchonderera, koma ndikanayambira pati? Chikwatirireni, ine ndi apongozi tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera panjira amapatukira kutchire. M'kachipinda kathu ka ku Greyville mulibe tchire, choncho tinkayankhulana kudzera mwa Esinati, ngakhale mawondo athu atatsala pang'ono kugundana. "Uwauze amuna ako kuti tiyi wakoma." "Uwauze amayi kuti zikomo."

Madziwo tikanatunga kale, tsiku limene tinawatengera koyamba kukaona nyanja. Koma atayang'ana khwimbi la anthu akusamba, ana akuthamangira m'madzi opanda matewera, anapukusa mutu. "Awa ndi madzi opondedwa," anauza Esinati. "Ndikapereke zotsukira mapazi kwa anthu a Mulungu?" Kenaka anaona timabwato tachikasu tili kutali, kuseri kwa mafunde. "Kumene kuli awoko ndiye kuli madzi." Ndipo mkazi wanga, mkazi amene amadziwa bwinobwino kuti ine sindinasambirepo chibadwire, anati, "AMbewe akuperekezani, amayi. Saopa kanthu amenewa."

Titafika kunyumba ndinamukokera pambali. Iye sanapepese n'komwe. "Mukufuna ndikhale kapena ndipite? Amayi akufuna aone ngati akundisiya m'manja mwa munthu." Ukakwatira kwa mphezi usaope kung'anima.

Anthu kuno akamva kuti ndine Mmalawi amaganiza kuti ndinabadwira m'bwato. Ine ndine wa ku Dedza, kumapiri. Madzi aakulu amene ndinakula ndikuwadziwa ndi a pamjigo.

Pasiteji tinakwera takisi, minibasi za kuno zija, ma randi khumi ndi asanu munthu mmodzi mpaka m'tauni. Esinati anali atawalangiza mayi ake kuti m'galimoto asamakweze Chichewa, poti sudziwa amene wakhala naye pafupi ali ndi mtima wotani. Anavomera bwinobwino. Atangoponda m'kati anati, "Mwadzuka bwanji nonse?"

Ndinaweramitsa mutu. Koma mayi wina wonenepa, wovala yunifomu ya ntchito za m'nyumba, anangoseka n'kusendera kuti awapatse malo. "Yebo, Mama," anatero, uku akugogoda chigubu chija ndi chala. Anatiuza m'Chizulu kuti nawonso agogo ake a kumidzi ya kumtunda akabwera ku Durban sabwerera opanda botolo la madzi a m'nyanja. Apongozi sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma awiriwo anagwedezerana mitu mpaka m'tauni. Nyimbo zinkagunda mpaka mipando kunjenjemera, ndipo apongozi anauza Esinati kuti afunse adalaivala ngati kwawo kuli ukwati. Esinati sanafunse.

M'tauni tinagula magwinya, mandasi a kuno aakulu ngati chibakera. Apongozi anadya awiri. Ine ndinaluma kamodzi, ndinabweza m'pepala. Takisi yachiwiri inatitsitsa ku Point, pafupi ndi pakamwa pa doko, dzuwa litangotuluka. Mphepo inali isanadzuke. Kutsidya kunali chitunda chobiriwira cha Bluff, ndipo kutali kumene madzi amakumana ndi thambo kunali sitima zikuluzikulu zitandandalikana, kudikira kulowa padoko.

Wotitsogolera pa ulendo wa pabwatowo anali mtsikana wa Chizulu dzina lake Thandeka, wamfupi, wamapewa otambalala, woseka msanga. Panalinso azungu awiri okalamba ndi anyamata awiri a Chimwenye. Ndalama imene ndinalipira sindinena, kuopa kuti abale anga ku Dedza angamve.

Mlandu woyamba unali wa chitenje. Esinati anali atawaveka mayi ake thalauzi lothina m'kati, koma pamwamba anamangirabe chitenje chofika m'mapazi. Thandeka anati chitenje chachitali chikhoza kukola miyendo m'madzi. Apongozi anati iwo sanayendepo maliseche pamaso pa mkamwini ndipo sayambira ku Joni. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti chipindidwe chifike m'mawondo. Nthawi yonseyo ine ndinali nditatembenuka, ndikuyang'ana sitima zija mwachidwi ngati ndikufuna kugulapo imodzi.

Titavala majekete oyandamitsa munthu, Thandeka anatiphunzitsa pamchenga. Bwato lake amalitcha kayaki: ndi lapulasitiki, lalitali, lopyapyala, lokhala anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Nkhafi yake ili ndi mapeto awiri opalasira, umaviika uku, n'kuviika uko. Malamulo anali ochepa. Funde ulilunjike ndi mphuno ya bwato, usalipatse nthiti. Usasiye kupalasa. Maso akhale kutali, osati pamadzi ali pafupi nawe. Kenaka anandiloza, akunditcha bhuti, kutanthauza achimwene. "Bhuti, iwe ukhala kumbuyo, ndiwe dalaivala. Mama sakuona zimene bwato likuchita, iwe ukuona. Funde likamabwera ukuwe. Liwu limodzi basi. Palasa! Kumanja! Kumanzere! Sharp?"

Ndinamasulira zonsezo kwa Esinati, ndipo Esinati anatembenuka n'kubwereza mawu omwewo kwa mayi ake, amene anaima pomwepo. Thandeka anatiyang'ana modabwa. "Kodi nonse simuyankhula chinenero chimodzi?"

"Ndi apongozi anga," ndinayankha.

"Eish!" Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Nafenso kwathu ziliko zimenezo. Koma nyanja siizidziwa, bhuti."

Apo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuchiganiza kale. Esinati ankayala chitenje pamchenga, kukonzeka kukhala pansi. Womasulira wathu ankatsala pamtunda.

Tinakankhira bwato m'madzi, apongozi anakhala kutsogolo chigubu chitamangidwa ndi chingwe pamapazi awo, ine ndinadumphira kumbuyo. Azungu okalamba aja anadutsa mafunde mosavuta. Anyamata aja anadutsa akukuwa. Ife tinapalasa pang'ono, ndipo ndinaona bwato likupotoka, likupereka nthiti ku funde lomwe linkabwera litavala thovu kumutu. Ndinkadziwa chochita. Ndinayenera kukuwa kuti, "Kumanja!" Koma kutsogolo kwangako kunali msana wa mayi wondibalira mkazi. Pakamwa panga panatuluka izi: "Pepani amayi, sindikudziwa ngati n'zotheka, koma mwina mukanakonda kuti nkhafiyo muiviike cha ku..."

Funde silinadikire kuti ndimalize. Khuvu!

Ndinaona mdima, ndinamwa mchere, mchenga unalowa m'makutu. Ndinaponya miyendo ndi manja, ndikudziwa ndithu kuti ndafa, ndipo ndinamvera chisoni mwana wanga wosabadwayo. Kenaka mapazi anagunda pansi. Ndinaimirira. Madzi ankandilekeza m'chiuno. Apongozi anali atakhala pansi m'thovu chapafupi ndi mtunda, duku litachoka, chigubu chikuyandama pambali pawo. Nditaona imvi zawo ndinatembenuka msangamsanga. Pamchenga Esinati anali atagwira mimba yake ndi manja onse awiri, akuseka mpaka misozi.

Thandeka anakoka bwato lija n'kundifunsa chifukwa chake sindinakuwe. Kunena zoona ndinali nditagonja. Ndinapita kwa Esinati n'kunong'ona kuti, "Uwauze amayi kuti mwina tingotuma Thandeka akatitungire." Esinati anasiya kuseka. Tonse tinkadziwa kuti akanena mawu amenewo, ndiye kuti matikiti a basi agulidwa awiri.

Sanapeze mpata wowanena. Apongozi anali ataima kumbuyo kwanga akufinya duku.

"Bambo."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna bambo amene akuitanidwayo. Panalibe wina.

"Bambo, ndikunena inu. Ulemu wanu ndauona, ndaumwanso pamodzi ndi mchere. Tsopano uvuleni, muusiye pamchengapa pali nsapato zanupo. Tikabwerako mudzauvala."

Anamanga duku lonyowalo kumutu n'kuyamba kulowera kumadzi. Ndikanatani ine? Ndinawatsatira.

Ulendo wachiwiri Thandeka anatiimika kaye m'madzi olekeza m'chiuno, titagwira bwato. Anandiuza kuti ndisathamange, ndiyang'ane. Mafunde aakulu amabwera motsatizana, kenaka nyanja imapuma pang'ono, ndipo mpata ndi umenewo. Anandiuzanso kuti nditulutse mpweya wonse m'chifuwa, pang'onopang'ono, chifukwa munthu wamantha amangokoka mpweya osautulutsa. Ndinachita. Mtima unatsikako pang'ono. Mafunde aakulu anadutsa, nyanja inagona, Thandeka anakuwa, "Hamba!" Tinakwera.

"Palasani!" ndinakuwa. Mawu ake anali aja ndimakuwira kukhitchini mbale zikachuluka. "Kumanja! Kumanja, ndati! Onse awiri tsopano! Musaleke!" Funde linadzuka patsogolo pathu, mphuno ya bwato inaloza kumwamba, apongozi anakwera pamwamba pa mutu wanga, kenaka tinagwera kuseri kuti phwa! Madzi anandimenya kumaso. Linabwera lina, tinalilunjika, tinadutsa. Ndinapitiriza kukalipira apongozi anga mpaka Thandeka anandiuza kuti ndikhoza kuleka, tatuluka.

Kuseri kwa mafunde kuli bata lodabwitsa. Phokoso lonse limatsala kumbuyo. Madzi sasweka, amangokukweza pang'onopang'ono n'kukutsitsa. Ndinayamba kusangalala, mpaka ndinachita chimene anandiletsa: ndinayang'ana pansi. Mchenga sunkaonekanso. Madzi anali obiriwira mochita kuda, opanda polekezera, ndipo ndinakumbukira kuti pakati pa ine ndi zonsezo pali kapulasitiki. Mutu unazungulira. Thupi linauma gwa, ndipo bwato linayamba kugwedezeka uku ndi uku.

Thandeka anabwera pambali pathu ndi bwato lake. "Ukuligwedeza ndiwe, bhuti, si nyanja. Wauma kwambiri. Masula chiuno, bwato lizivina lokha pansi pako. Sankha sitima imodzi uziyang'ana imeneyo." Ndinasankha yofiira. Ndinayamba kupalasa molunjika iyo, ndikutulutsa mpweya nkhafi ikamalowa m'madzi. Sizinatheke nthawi yomweyo ayi. Koma pang'ono ndi pang'ono mapewa anatsika, chiuno chinamasuka, ndipo ndinaona kuti bwato likapendekeka limabwerera lokha ngati sulimbana nalo.

Titatembenukira chakumpoto ndinauona mzinda wonse. Mahotela a m'mphepete mwa nyanja, chitsulo choyera chopindika ngati uta pamwamba pa bwalo la mpira, ndi kumtunda kwake nyumba za ku Morningside zitabisala m'mitengo. Ndakhala zaka ndikuyenda m'misewu imeneyo mutu uli pansi, foni ya kumudzi ikalira ndikuyankha monong'ona. Kuchokera pamadzi, mzindawo unkaoneka waung'ono ndi wokongola, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ndimaukonda.

Mwadzidzidzi chinthu chakuda chinatumphuka pafupi nafe, chipsepse chili njo. "Mayo ine!" ndinakuwa m'Chichewa chenicheni cha ku Dedza, osasamala amene akumva. Anyamata aja anafa nako kuseka. Sanali shaki, anali ma dolofini, nyama zosewera zija, atatu kapena anayi, akupuma kuti fuu n'kumiranso. Apongozi sanagwedezeke n'komwe. Msana uli chilili, mutu uli njo, nkhafi ikulowa ndi kutuluka. Ndinachita manyazi. Ndinati mumtima, mayi wa ku Ntcheu amene sanakwerepo bwato akulimba mtima chonchi, ine mwamuna ndikulira mayo.

Patapita kanthawi Thandeka anakweza nkhafi. "Apa ndi pabwino. Mama atunge."

"Amayi, tafika," ndinatero. "Madzi osapondedwa aja ndi awa. Tungani."

Sanasunthe. Ndinabwereza. Kenaka ndinasuzumira chapambali n'kuona manja awo. Anali atafinya nkhafi mwamphamvu mpaka mitsempha kutuluka.

"Bambo," anatero ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, "manjawa akukana kusiya mtengowu."

"Mwatopa, amayi?"

"Maso ndinatseka titangokweranso bwatoli. Sindinatsegulebe. Ndimangomvera mawu anu. Mukati kumanja ndikupalasa kumanja, mukati musaleke sindikuleka."

Ulendo wonsewo ndinkalimba mtima poyang'ana msana wa munthu wotsinzina, ndipo iye ankalimba mtima pomvera mawu a munthu amene nayenso anali ndi mantha. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira. M'malo mwake ndinawauza zimene Thandeka anandiuza. "Tulutsani mpweya wonse, amayi. Pang'onopang'ono. Tsopano kwezani mutu, musayang'ane pansi. Kutsogolo kwanu kuli sitima yofiira. Tsegulani maso muione imeneyo yokha."

Panapita nthawi. Kenaka ndinamva, "Kalanga ine! Dziko lonseli madzi okhaokha?"

"Okhaokha, amayi."

Anapitiriza kuyang'ana. Atayankhulanso sanatembenuke. "Chifikireni kuno ine ndikuopa. Misewu ndikuopa, anthu ndikuopa, chitseko chikagogodedwa ndikuopa. Ndimati mwana wanga akukhala bwanji kotereku. Inu simuopa?"

"Ndimaopa, amayi. Masiku ambiri. Lero ndiye osanena."

"Esinati anati simuopa kanthu."

"Ananama."

Anaseka, ndipo bwato linagwedezeka ndi kuseka kwawoko. "Ndinadziwa. Ndinakumvani mukulira mayo." Anasiya nkhafi pamiyendo, anamasula chigubu, n'kuchipereka kumbuyo kudzera paphewa. Chinali chinthu choyamba kundipatsa m'manja chikwatirireni. "Tungani ndinu. Ine ndichite chiyani?"

Ndinawauza kuti apendekere kumanzere pamene ine ndikuweramira kumanja. Ndinatsegula chigubu n'kuchimiza. Chinayamba kumwa kuti gubu gubu gubu, dzanja langa lili m'madzi akuya omwe aja ndinkaopa kuwayang'ana. Anali ofunda. Chitadzaza ndinachikoka, ndinatseka, n'kuchiika pakati pa miyendo yanga. Azungu okalamba aja anaomba m'manja osadziwa n'komwe kuti akuombera chiyani.

Pobwerera dzuwa linali litakwera ndipo kamphepo kanali katayamba. Thandeka anatichenjeza kuti kutuluka m'nyanja n'kovutirapo kusiyana ndi kulowa, chifukwa funde limakudzera kumbuyo. Anati tidikire mpata ngati poyamba paja, ndipo likatinyamula tigonere chammbuyo, bwato liloze kumtunda. Ndinayang'ana kumbuyo, ndinadikira aakulu adutse, ndinakuwa. Tinapalasa ngati tikuthawa ng'ona. Funde laling'ono linatipeza, linatinyamula, ndipo tinathamanga pamwamba pake liwiro loti sindinalimvepo. Apongozi anaimba nthungululu mpaka anthu pagombe anatembenuka. Bwato linakhudza mchenga tili chikhalire. Ndinatsika monyadira, mwendo unakola chingwe, ndinagwa chafufumimba m'madzi olekeza m'kakolo. Chigubu sichinatayike.

Titasintha zovala ndinavala nsapato zanga, ndi ulemu wanga womwe. Tinapita pa kashopu kena chapafupi kukagula bunny chow, buledi woboola pakati wothiramo nyemba za tsabola. Esinati ndi mayi ake anakhala pabenchi, ine ndinakhala pa kakhoma chapatali pang'ono, chigubu chili pamapazi anga. Apongozi ankadya misozi ikutsika chifukwa cha tsabola, koma sanasiye. Ine ndinamaliza yanga, ndinamalizanso gwinya lija ndinalisiya m'mawa.

Ndili pakakhomapo ndinkayang'ana mafunde omwe aja. Sanachepe, ndipo sindinganame kuti mantha anathera pomwepo. Ndikadzapitanso, ndidzaopanso. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu ukhoza kumaopa uku ukupalasa, ndipo zimapepukako ukadziwa kuti wina akudalira mawu ako. Koma nkhani yeniyeni ija inali isanakambidwe, ndipo pamtunda ndinalibenso chilolezo chokuwa.

Apongozi anapukuta m'manja ndi pakamwa. Anakonza duku. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, monga mwa masiku onse.

"Esinati, uwauze amuna ako kuti chigubuchi chalemera, sindingakwere nacho basi. Ndipungulako botolo limodzi la amayi a kumpingo. Otsalawo akhale kuno. Mwana akabadwa ndidzadonthezamo pang'ono m'madzi ake oyamba kusamba, ndi manja angawa. Uwauzenso kuti tikiti asathamangire kugula, ndikhalapo mpaka nditamuona mdzukulu wanga. Ikadzafika nthawi, adzagule ya munthu mmodzi."

Esinati anandiyang'ana, maso atadzaza. Sanabwereze mawuwo, ndipo panalibe chifukwa.

"Uwauze amayi kuti..." ndinayamba. Ndinalekeza. Ndinayesanso. "Uwauze amayi..."

Apongozi anali akuyang'ana kunyanja, kumene kunali sitima yofiira ija.

"Ndamva, bambo," anatero.